Makapisozi Anayi Amene Ndinagawana ndi Mbuzi

Khalani, khalani, musadzuke, ine si dokotala. Ndikuona ena kumbuyoko mwayamba kale kundiyang'ana cham'mbali, mumtima mukuti ameneyu achipatala amugwiritsa kangachepe kuti atinyengerere. Sanandipatse kanthu, ngakhale ya basi ndalipira ndekha. Anesi angondipempha kuti poti tonse tili pabenchi pano kudikira kupimidwa mtima, ndikuuzeni zimene ndinachita ine. Mukandikayikira sindikwiya ayi. Kukayika ndimakudziwa, ndi matenda anga akale kuposa a mtimawa.

Dzina langa ndine Zuze, kwathu ndi kwa Chapananga. Makolo anga anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ine ndili mwana. Ntchito yanga inali yogula mbuzi m'midzi n'kukagulitsa pamsika, ndipo ntchito imeneyi munthu wokhulupirira anzake sakhalitsa nayo. Mwini mbuzi akati ndi ya chaka chimodzi, iwe umaikanula kukamwa n'kuwerenga mano. Akati yanenepa, umaipapasa mimba, mwina waimwetsa madzi amchere kuti itupe. Ndinaphunzira kuti aliyense wokumwetulira pali chimene akufuna. Pamsika nzeru imeneyi inandidyetsa. Kulakwa kwanga n'koti ndinkapita nayo mpaka kunyumba.

Amene muli pafupi mukatchera khutu mumva kanthu kakulira m'chifuwa mwangamu ngati wotchi yapamkono. Ndi kachitseko kachitsulo, madokotala amati valavu. Kanga kobadwa nako kanawonongeka mpaka ndinkapuma katatu pochoka kunyumba kupita kukhola. Ndinadikira pamndandanda zaka, kenako ananditumiza kunja, anakanding'amba n'kuikamo kameneka. Amene anandisamala nthawi yonseyo ndi mkazi wanga Dominga, make Tereza, wa kwa Tengani. Ndiye ankasunga buku langa lakuchipatala m'pepala lapulasitiki, ndiye ankakumbukira tsiku lokapimitsa magazi. Mayi ameneyu ndi amene ndinadzamutchula wakupha pamaso pa anthu. Ndiye nkhani yanga imeneyo, ndipo inayambira pa dzino.

Linali lachibwano, lakumapeto uku. Linabooka, ndipo likayamba kuwawa ndinkamva mpaka m'diso. Ndinathirapo mchere, ndinaikapo fodya, mnzanga wina wa njinga yamoto anandipatsa mpaka mafuta a mabuleki. Ayi ndithu, linkangokulirakulira. Pamsika pathu pamabwera mkulu wina wozula mano pansi pa mtengo, ndipo ine ndinati ameneyu akwanira. Dominga anaima pakhomo.

"Bambo a Tereza, inu si munthu wozulidwa dzino pamsika. Mumamwa mankhwala osungunula magazi. Akayamba kutuluka awaletsa ndani?"

Ndinang'ung'udza koma ndinamvera. Tili panjira yopita kuchipatala cha boma ndinamuuza kuti, "Tikafika usatchule za mtima. Ukangotchula atizunguza, ine mawa ndili ndi msika." Titalowa kwa dokotala wa mano, mayi wamfupi wovala magalasi, Dominga anangotulutsa buku lija n'kulitsegula patsamba lenileni la opaleshoni, n'kuliika patebulo. Ndinamuyang'ana ndi diso loti tikaonana kunyumba. Mayi wa manoyo anawerenga, anandifunsa ngati pali mankhwala amene amanditulutsa zidzolo, kenako anati lero sizitheka, ndikayambe ndapimitsa magazi, ndibwere Lachinayi m'mawa. Msika wa mawa lake unandidutsa chifukwa tsaya linali litatupa, koma ine mlandu ndinauika pa Dominga.

Lachinayi tinabwerera. Ndinapita kukatenga pepala la magazi, ndipo pobwera ndinapeza awiriwo akucheza m'Chisena, motsitsa mawu, akuseka. Ndinangomva mawu amodzi, "Pyadidi, pyadidi," ndiko kuti zili bwino. Nditalowa anasiya. Abale anga, ine Chisena ndi chilankhulo cha mayi anga, bwenzi nditangofunsa kuti mukuseka chiyani. Sindinafunse. Ndinasunga mumtima.

Mayi wa mano uja anati magazi ali bwino. Anatsegula botolo n'kundithira makapisozi m'dzanja, aja ofiira uku achikasu uku. Ndinawerenga. Anayi.

"Imwani onsewa pompano, baba. Mukakhale panja ola limodzi, kenako tizula."

"Onse anayi?"

"Onse anayi."

"Nthawi imodzi?"

"Nthawi imodzi. Ndi chifukwa cha valavu yanuyo."

Ndisaname, anafotokoza. Ananena za tizilombo ta m'kamwa, za magazi, za mtima. Koma munthu wokayika samva ndi makutu, amamva ndi maso, ndipo maso anga anali ataona kale anthu awiri akunong'onezana. Ndinayamba kuwerengera ngati ndili pamsika. Chibadwire changa kapisozi amamwa mmodzi m'mawa, mmodzi masana, mmodzi madzulo. Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Womwa ambiri nthawi imodzi kwathu ndi munthu amene watopa ndi moyo, ndipo tinaikapo mtsikana wina m'mudzi mwathu chifukwa cha zomwezo. Ndiye ine wa mtima wosokedwa andipatse anayi? Kenako ndinakumbukira kalata. Ndisanapite ku opaleshoni ndinalemba pamaso pa akulu a mpingo kuti ndikafa, mbuzi ndi ng'ombe zanga zikhale za Dominga ndi mwana wathu Tereza, abale anga asakhudze. Ndinakumbukiranso kuti mwezi wapitawo alongo ake a Dominga atabwera kudzacheza anaima nthawi yaitali pakhola. Ndinati eee, Zuze, mbuzi yogulitsidwa lero ndi iwe.

Ndinamutuma Dominga kuti akandigulire nthochi kugeti. Ine ndinapita pampope, ndinameza mmodzi, atatu ndinaponya m'thumba la malaya. Atabwera anafunsa, "Mwamwa?" Ndinati ndamwa. Mayi wa mano anafunsanso chimodzimodzi, ndinati ndamwa, iye analemba m'buku. Dzino linazulidwa bwinobwino, magazi sanavute, ndinaluma thonje n'kumapita kwathu ndikudziona wochenjera.

Kukhola kunali mbuzi ina yaikazi imene inkatsokomola. Ndinati ndiyesere pa imeneyi, ikafa ndiye kuti ndawagwira. Ndinatsegula makapisozi atatu aja, ndinasungunula ufa wake m'botolo la madzi n'kuimwetsa. Mawa lake ndinalawirira kukhola kukaona mtembo. Ndinaipeza ikudya makoko a mapira. Patatha sabata chifuwa chinatha, inayamba kunenepa. Mukuganiza kuti ndinachita manyazi? Ayi! Ndinati mbuzi ndi mbuzi, imadya ngakhale jumbo osafa, mankhwala aja anakonzera munthu wa chitsulo mumtima.

Patapita masabata atatu thupi linayamba kutentha. Ndinati malungo. Ndinakayezetsa, sanawapeze. Ndinagula mankhwala a malungo pagolosale, ndinamwa, osasintha. Ndinakayezetsanso, osawapezanso. Thukuta linkangochucha, chakudya osachifuna, lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano. Apa m'pamene mutu wanga unamaliza kupota. Ndinati taonani zimene wandichita kapisozi mmodzi. Nanga ndikanamwa onse anayi, si bwenzi atandiika kale?

Mlongo wanga Fineza, amene kalata ija inamuwawa chiilembereni, atabwera kudzandiona ndinamuuza maganizo anga. Za atatu a mbuzi aja sindinatchule, ndinangoti anandimwetsa makapisozi ochuluka. Anawomba m'manja. "Achimwene, ine ndinkaona kalekale, koma ndikanena mumati nsanje." Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudya za m'manja mwa Dominga. Akabweretsa mbale ndinkaikankha ndi phazi, n'kukadya kwa Fineza. Dominga ankandichonderera. "Bambo a Tereza, anatiuza kuti thupi likatentha masiku ambiri tizithamangira kwa dokotala wa mtima. Tiyeni tikwere ku Blantyre." Ine ndinati, "Kuti ukamalizitse ntchito yako?" Buku lakuchipatala ndinamulanda.

Lamulungu lina masana ndinaitana ankhoswe ndi akulu a mpingo, tinakhala pansi pa mtengo wa nimu pakhomo panga. Anansi anabwera okha, mukudziwa nkhani siitanira anthu. Ndinaimirira ndikunjenjemera ndi kutentha thupi, ndinaloza mkazi amene ndakhala naye zaka zoposa makumi awiri, ndinati, "Mayi uyu anapangana ndi wachipatala kuti andiphe chifukwa cha ziweto. Ndioneni mmene ndatheramu. Achoke pakhomo panga." Akulu anayesa kundiziziritsa, ndinakana. Dominga sanalire pamaso pathu. Anangoti, "Nkhabe, bambo a Tereza. Sindinachite." Anamanga zovala zake m'chitenje n'kukwera kabaza. Tereza, amene anakwatiwa ku Nchalo, anaimba foni akulira, ine ndinamudulira.

Mbiri inafika kwa Tengani Dominga asanafike. Ndinadzamva pambuyo pake kuti pamjigo akaika ndowa yake, amayi ena ankasuntha zawo. Pamaliro, pamene amayi onse amaphika, iye ankamuuza kuti khalani mupume. Munthu amene mpingo wonse unkamutuma kuphikira alendo, palibe ankafuna kudya chimene wagwira. Izi ndinamuchitira ndine, ndi pakamwa pangapa.

Mkazi anachoka, koma kutentha thupi sikunachoke. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndili pamsika, ndagwira chingwe cha mbuzi, ndinangoona chingwe chili pansi, mbuzi ikupita. Ndinati nditole, dzanja lamanzereli osamvera. Ndinati ndiitane mnzanga, pakamwa panapotoka, mawu anatuluka ngati a munthu woledzera. Anandinyamula kupita kuchipatala cha boma, kumeneko sanachedwe nane, anandikweza ambulansi kukwera mapiri aja mpaka ku Blantyre. Wondidikirira anali Fineza.

Ananditenga magazi m'mabotolo, anandiunika mtima ndi makina. Patatha masiku angapo, pakamwa patayamba kumasuka, anabwera dokotala wina wamkazi, wamtali, wachitsikana, amene Chichewa chake chinkamveka kuti ndi wakumpoto. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi langa.

"Bambo Zuze, tizilombo talowa m'magazi mwanu, tamanga chisa pa valavu ija. Kachidutswa ka chisacho kanathothoka n'kukatseka mtsempha waung'ono kumutu, ndicho chifukwa chake dzanja lafooka. Ndikufunseni. Miyezi yapitayi mwazulitsako dzino?"

Ndinati eya. Ndinati ndipo pamenepo ndi pamene anandipatsira chiphe. Fineza anavomerezera kuchokera pamkeka pake. Dokotala sanatsutse, anangotsegula buku langa n'kuyendetsa chala mpaka anapeza pamene mayi wa mano analemba.

"Apa alemba kuti anakupatsani amokisilini, makapisozi anayi, ola limodzi asanazule. Munamwa onse?"

"Onse."

"Ndiye kuti mayi ameneyu anachita ntchito yake bwino kwambiri. Pepani, nthawi zina zimachitikabe ngakhale munthu wamwa."

Ndinati, "Bwino kwambiri bwanji? Makapisozi anayi nthawi imodzi?"

Anandifunsa ntchito yanga. Nditamuuza anati, "Mankhwala a nkhupakupa akalemba kuti thirani zivindikiro zinayi mundowa, inu n'kuthira chimodzi, nkhupakupa zimafa?" Ndinati sizifa, zimangosamba. Iye anati, "M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo, ngakhale mwa ine. Dzino likamazulidwa timalowa m'magazi kudzera pachilondapo. Kwa anthu ambiri thupi limatipha lokha. Koma pa valavu yochita kuika timakakamira, ndipo thupi limavutika kutichotsapo. Ndiye timafuna kuti pa ola lomwe tizilomboto tikulowa, tipeze magazi atadzaza kale mankhwala. Si mankhwala ochiza matenda, amene mumamwa m'mawa, masana ndi madzulo. Awa ndi otchingira. Amamwa kamodzi, okwanira, basi."

Anadzuka n'kupita pabedi lina. Ine ndinatsala ndikuyang'ana botolo la diripi likudontha. Abale anga, thupi linali lotentha koma ndinamva kuzizira kuchokera kumapazi. Zivindikiro zinayi, ine ndinathira chimodzi. Ndinachita mantha, osati a imfa ayi, koma oti mwina mkazi wanga ndamunamizira.

Koma Zuze ndi Zuze. Pofika madzulo ndinali nditayamba kale kunena kuti achipatala amabisirana, dokotala sangagwetse mnzake. Ndiye ndinachita zimene ndimachita ndikafuna kudziwa mtengo weniweni wa mbuzi m'mudzi wachilendo: kufunsa anthu osiyanasiyana, aliyense payekha, osamuuza zimene wanena mnzake. Ndinafunsa nesi wachikulire wondibaya jakisoni, ngati nkhani ya mnzanga. Anati anayi, nthawi imodzi. Ndinafunsa wophunzira udokotala amene ankabwera kudzamvetsera wotchi yangayi. Anati anayi. Ndinafunsa mkulu wina wogona bedi lachitatu, mphunzitsi wopuma ntchito, nayenso wa valavu. Anati, "Ine ndazulitsa awiri, ndipo konseko ndinamwa anayi. Si ndine pano?" Ndinatuma Fineza kuti akafunse pawindo lolandirira mankhwala. Anabwera nkhope itagwa, anati akuti ndi momwemo. Anthu amenewa sanapangane, ena sankadziwana n'komwe. Pamsika anthu anayi osadziwana akatchula mtengo umodzi, ndiye kuti mtengo ndi womwewo.

Ndinasungabe chinsinsi changa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lina Fineza akundipukuta kumsana ndinamuuza zonse, za pampope, za m'thumba la malaya, za mbuzi. Anasiya kupukuta. Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, mwauzanso ndani?"

"Iwe wekha."

"Ndiye zithere pompano. Madzi akatayika sawoleka. Mukaulula, inu muoneka wamisala, ine ndioneka mfiti. Alamu aja ali kwawo, azolowera."

Azolowera! Mawu amenewo ndi amene ananditsegula maso. Ndinaona kuti ndikhoza kufera pabedi limeneli, chifukwa dokotala sanandibisire kuti matendawa amapha, ndipo ndikafa ndili chete Dominga akhala wakupha mwamuna mpaka tsiku lake lomaliza. Imfa yanga ikanakhala umboni womutsutsa. Munthu mmodzi yekha padziko lonse ndiye akanamuyeretsa, ndipo munthuyo mtima wake unali ndi chisa cha tizilombo.

M'mawa dokotala wamtali uja atafika ndinamugwira malaya ndi dzanja labwinoli. Ndinati, "Adokotala, ndinakunamizani. Ndinamwa mmodzi."

"Atatuwo?"

"Ndinamwetsa mbuzi."

"Mbuzi?"

"Mbuzi."

Mphunzitsi wa bedi lachitatu anaseka mpaka kutsamwa. Dokotala sanaseke. Anati, "Sindingalumbire kuti anayiwo akanakutetezani ndithu, tizilombo timalowanso ngakhale pa nkhama zotupa. Koma chitetezo chimene anakupatsani munachikana nokha. Mkazi wanu ndi mayi wa mano uja ankakutchingirani." Ndinamupempha kuti alembe zimenezo papepala, asayine, adinde chidindo, kuti ndikafa Tereza akawerengere anthu. Analemba. Ndinamuimbira Tereza ndekha, ndinamuuza, ndinalira pafoni ngati mwana wodi yonse ikumva.

Ndinakhala pa diripi masabata asanu ndi limodzi. Mitsempha ya m'mikono inathawa mpaka ankachita kuifunafuna kumapazi. Mulungu anandichitira chifundo, chisa chija chinatha popanda kunding'ambanso. Dzanjali ndi limene mukulionali, limagwira supuni koma chingwe cha mbuzi silingathe. Ntchito ya pamsika inathera pomwepo.

Nditatuluka ndinayamba kubweza mawu anga mmene ndinawamwazira. Ndinayamba ndi mayi wa mano. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Tsiku lija tinkaseka chifukwa tinapeza kuti azakhali anga anakwatiwa m'mudzi wa akazi anu." Basi, nkhani yonse imene ndinamangirapo mlandu wakupha inali imeneyo. Kenako ndinaitana ankhoswe omwe aja, akulu omwe aja, pansi pa nimu yemwe uja, ndinati ndi anansi omwe abwere. Ndinanena zonse, ndi za mbuzi zomwe. Anthu anaseka, ena anandilavulira pansi. Mpaka lero ana a m'mudzi amanditcha Dokotala wa Mbuzi, ndipo ndimayankha.

Tsopano ndimveni inu a pabenchi pano, chifukwa mano tonse tili nawo. Dzino likakuvutani musapite pansi pa mtengo, ndipo musabise buku. Liikeni patebulo musanatsegule n'komwe pakamwa. Si wa mtima aliyense amene amafunika mankhwala otchingirawa. Ife a valavu yochita kuika, ndi amene tizilombo tinawagwirapo mtima ngati ine, ndi ena obadwa ndi vuto, ndife oyamba. Kaya inu muli m'gululo kapena ayi, anene ndi dokotala, osati inuyo, osati wapagolosale. Musakagule nokha n'kumamwa dzino likangowawa, si ntchito yake imeneyo. Amene mumabayitsa jakisoni wa mwezi ndi mwezi nenani, amene penisilini amakutulutsani zidzolo nenani, alipo ena amene angakupatseni. A mankhwala osungunula magazi musasiye nokha, pimitsani kaye. Akakupatsani anayi, imwani anayi pamaso pawo. Ine masiku ano ndimachita kukanula kukamwa kuti aone kuti apita. Tsukani mano m'mawa ndi madzulo, kaya ndi mswachi wogula kaya wa mtengo. Ndipo thupi likatentha masiku angapo malungo osapezeka, makamaka mutazulitsa dzino, musadikire sabata ina. Uzani wachipatala kuti muli ndi valavu, musanamwe kapisozi aliyense.

Kukayika sindikukuletsani, mwina ndi kumene kwatisunga m'dziko lino. Koma mukakayika, funsani mokweza, pomwepo, mwiniwakeyo ali pamaso panu. Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa anthu anayi, koma ndinafunsa dzanja litafa kale.

Kunatsala kwa Tengani. Ndinapita ndi ankhoswe ndi Tereza, pepala la dokotala lili m'thumba. Ndinalankhula kutchalitchi kwawo mapemphero atatha, anthu onse ali pomwepo. Ndinati mayi uyu sanandichite kanthu, wodzipha ndinali ndekha. Tereza anawerenga pepala lija m'Chichewa, mlamu wanga anamasulira m'Chisena kuti ndi agogo omwe amve. Kenako tinapita kunyumba. Dominga anali atakhala pamkeka, wawonda, kumutu atameta. Ndinagwada, ine amene ndinkamutchula iwe, ndinati, "Make Tereza, ndinakulakwirani. Ndikhululukireni."

Iye anati, "Mwauza a kwanu. Mwauza a kwathu. Takhuta, zikomo. Nanga amayi anga mukawauza bwanji?"

Apongozi anga anali atamwalira ine ndili m'chipatala, ndipo Fineza ndi Tereza yemwe anandibisira poopa mtima wangawu. Ndiko kumeta kuja. Mayi wokalamba amene ankandisungira masawu owuma chaka chilichonse anapita kumanda akumva anthu akunena kuti anabala mwana wakupha mwamuna. Pamaliro a mayi ake omubala, Dominga sanaloledwe kugwira mthiko.

Sanabwere nafe tsiku limenelo. Ndinabwerera ndekha, ndinkapitako mwezi ndi mwezi, ndinkakhala pakhonde n'kubwerera. Patatha chaka chathunthu, tsiku lina ndinangoona kabaza waima pakhomo. Anatsika, anayang'ana bwalo, anati bwanji simusesa, anatenga tsache. Ali kunyumba pano ndikunena, buku langa akusunganso ndi iye, ndi iye wandikumbutsa kuti lero ndi tsiku lobwera kuno.

Mukhoza kunena kuti Zuze zinamuthera bwino. Eya, ndili moyo, mkazi wanga anabwerera, ndikuthokoza Mulungu. Koma pali chinthu chimodzi chimene amachita. Akandibweretsera chakudya amagwada, amaika mbale pansi, amanyema pang'ono, amasunsa m'ndiwo n'kudya yekha ine ndikuona. Akameza m'pamene amandisunthira mbaleyo. Madzi akumwa amayamba wapsontha. Mankhwala anga akandipatsa amandionetsa botolo kuti ndiwerenge dzina ndekha. Ndamuletsa, ndamuchonderera, tsiku lina ndinalira kumene, ndinati, "Make Tereza, musatero, ndimakukhulupirirani."

Iye anati, "Ndikudziwa, bambo a Tereza. Idyani, zizizira."

Ndipo mawa lake analawanso. Ndikatuluka muno ndikupita kukadya nkhomaliro, ndipo akalawanso.